Disc golf kukampu: mmene mungamalizire mabasiketi 9 osataya chimbale komanso osagenda tenti ya eni ake

Ife a kuno ku America mbali ya Indiana ndi Michigan nyengo yotentha ikafika timakonda kukagona kukampu, matenti, mbaula, ufa mu chikwama, ana balalabalala paliponse. Ndiye mukamazungulira m'makampu ambiri a kuno mumaona timapaipi tachitsulo toimikidwa patchire, pamwamba matcheni akulendewera, pakati kabasiketi kozungulira. Ine tsiku loyamba ndinkayesa ndi modyera agwape, alamu anga anati ayi ndi chootchera nyama cha azungu kkkk. Tonse tinalakwa, ndi zigoli za masewera otchedwa disc golf.

Masewera ake ndi osavuta kumva. Muli ndi chimbale cha pulasitiki, mwaima poyambira, mukuponya kulunjika basiketi, pomwe chagwera mukaima pomwepo nkuponyanso mpaka chilowe. Amene waponya kochepa ndiye wawina, basi. Eni ake basiketi iliyonse amaitchula kuti hole ngakhale palibe dzenje olo limodzi, anangotengera ku gofu ya mpira ija. Bambo wina dzina lake Ed Headrick ndi amene anakonza bwalo loyamba lenileni ku Oak Grove Park ku California mu 1975, nthawi imeneyo anthu ankangomenya paipi, basiketi ya matcheniyi inabwera mu 1977. Mkuluyu atamwalira mu 2002 phulusa lake analisakaniza ndi pulasitiki nkupangira zimbale monga anafunira yekha, ndiye muone kuti alipo anthu amene masewerawa anawalowa m'magazi.

Koma ife sitikupita kumeneko. Ife tikufuna kumaliza kabwalo kakang'ono ka kukampu mosangalala nkubwerera kukapeza nsima isanazizire.

Choyamba kafunseni ku ofesi ya kampu. Safunsa anadya phula. Funsani kuti basiketi nambala 1 ikuyambira pati, ali ndi mapu kapena kapepala kolemba zigoli, komanso ngati amabwereketsa zimbale chifukwa makampu ena amatero, mwina ulele mwina kandalama pang'ono. Pa foni ikani app ya UDisc mudakali kunyumba, imaonetsa mapu a mabwalo ambiri ndipo imakuwerengerani zigoli, koma bwalolo mulitsegule network idakalipo chifukwa kutchireko foni imasanduka tochi. Mabwalo a kukampu ambiri ndi a mabasiketi 9, iliyonse par 3, kutanthauza kuti munthu wodziwa amayenera kulowetsa pakuponya katatu, zonse pamodzi 27. Mtunda pa zikwangwani amalemba mu mafiti, ndiye gawani ndi 3 nkuchotsako pang'ono, mafiti 200 ndi mamita 61, ngati kuchoka pa golo kudutsa pang'ono pakati pa bwalo la mpira. Anthu atatu anayi mumamaliza mu ola limodzi ngati simukusakasaka zimbale mu udzu.

Chachiwiri ndi chimbale, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ndinagwera ine. Zimbale zilipo za mitundu inayi: putter, midrange, fairway driver ndi distance driver. Putter ndi yonenepa m'mbali, imauluka pang'onopang'ono koma mowongoka. Driver ndi yakuthwa m'mbali ngati chikwanje, imapita kutali koma pokhapokha mkono wanu uli ndi liwiro lomwe imafuna. Pamwamba pa chimbale mupeza manambala anayi, mwachitsanzo Leopard ya Innova imalembedwa 6, 5, -2, 1. Yoyambayo ndi speed kapena kuti liwiro, yachiwiri glide kapena kuti kuyandama, yachitatu turn, kukhota kwake chikadali ndi mphamvu, yomaliza fade, kukhota kwake chikamatha mphamvu. Inu ongoyamba muyang'ane ziwiri zokha, nambala yoyamba isapitirire 5 kapena 6 ndipo yomaliza ikhale 0 kapena 1. Putter yotchedwa Aviar ndi 2, 3, 0, 1, midrange yotchedwa Buzzz ya Discraft ndi 5, 4, -1, 1, zimenezi ndiye zathu.

Ine ndinalowa mu shopu ndikuona chimbale cholembedwa 12, ndinati ichi ndiye cha amuna, munthu ndinakula ndikugenda mango ndiye mkono ndili nawo. Pa basiketi yoyamba ndinathamanga ngati ndikukamenya penate, ndinaponya ndi mphamvu zanga zonse, chimbale chinakwera m'mwamba, chinaima kaye ngati chikuganiza, kenako chinakhotera kumanzere nkukagwa mu malo a banja lina, pambali penipeni pa tebulo pomwe agogo ena amamwa khofi. Manyazi ake. Ndinapita chowerama ndikupepesa, iwo anangoseka nkundiuza kuti sindine woyamba mmawa umenewo. Mnyamata wina wa zaka mwina 12 amene amasewera kumbuyo kwathu anandibwereka putter yake yokalamba yokandikakandika, ndipo ndi imeneyo ndinamalizira tsiku lonse osagendanso munthu.

Ndiye tengani putter imodzi, mukafuna onjezani midrange imodzi, zakwana. Zolemera magalamu 150 mpaka 165 zimakhala bwino kwa ana ndi onse amene mkono sunazolowere, zambiri za mu shopu zimakhala cha m'ma 170. Mtundu sankhani wowala, pinki, orenji kapena buluu. Chobiriwira kapena chakuda mukachiponya m'masamba mwapereka nsembe. Pansi pake lembani dzina ndi nambala ya foni ndi maka, anthu a masewerawa ambiri amaimbadi foni akatola.

Chachitatu zovala. Nsapato zotseka, masilipasi ayi. Thalauza kapena masokosi aatali, mankhwala opopera othamangitsa udzudzu ndi nkhupakupa, botolo la madzi, kathaulo kopukutira chimbale chifukwa mmawa mame amachititsa kuti chiziterereka m'manja. Ndipo phunzirani kuzindikira poison ivy musanalowe tchire lililonse kuno, masamba ake amakhala atatu atatu pa kanthambi kamodzi, imayanga pansi kapena kukwera mtengo. Ndi chitedze cha kuno, kungoti chitedze chimakuuza pompo pomwe iyi imadikira tsiku limodzi kapena awiri kenako matuza ndi kuyabwa kwa masabata. Mafuta ake amakakamira pa chimbale ndi pa nsapato, ndiye chikagwera mmenemo chitsukeni ndi sopo wotsukira mbale, manjanso chimodzimodzi, mwachangu.

Tsopano kaponyedwe. Musanapite pa nambala 1 pezani kabwalo kopanda anthu muyeserere mphindi 10. Ndifotokoza za munthu wa dzanja lamanja, amanzere mungotembenuza zonse.

Gwirani chimbale chala chachikulu pamwamba, zala zinayi pansi, kwa putter zitambasuleni pang'ono ngati mwanyamula mbale ya ndiwo ndi dzanja limodzi. Gwirani molimba moti munthu sangakulandeni mosavuta koma osati mpaka mitsempha kutuluka. Imani cham'mbali, phewa lamanja liloze ku basiketi, miyendo motangadza pang'ono. Osathamanga, ndikubwereza, osathamanga, imani malo amodzi. Tembenuzani mapewa mutambasule mkono kumbuyo, kutali ndi basiketi, thupi litsamire mwendo wakumbuyo. Kenako kokani chimbalecho mowongoka chidutse pafupi ndi chifuwa, chigongono patsogolo, ngati mmene mumakokera chingwe cha jenereta magetsi akathima, thupi likusamukira mwendo wakutsogolo. Chimbale chimachoka chokha m'manja mkono ukatambasuka, inu musachitaye dala, ndipo mkono muusiye upitirire kuzungulira, mukauimitsa mwadzidzidzi phewa lidzakuuzani usiku.

Chinsinsi chili pa zinthu ziwiri. China ndi kuzungulira, amene munasewerako nsikwa mukudziwa kuti nsikwa imaima chifukwa ikuzungulira, ikafooka imayamba kudzandira nkugwa, chimbalenso ndi choncho. Chinacho ndi kuchisunga chafulati ngati lichero lodzaza mpunga lomwe simukufuna litayike. Ongoyamba tonse timadzutsa mphuno ya chimbale m'mwamba osadziwa, ndiye mpweya umachigwira pansi, chimakwera, chimatha mphamvu, nkugwera kumanzere. Mukaona zikuchitika choncho weramitsani dzanja pang'ono ngati mukutsira tiyi mu kapu, ndipo muziponya motsika, usinkhu wa mutu wanu basi. Kugenda mango kumafuna mwala upite m'mwamba, apa ayi.

Dziwaninso kuti chimbale choponyedwa chonchi ndi dzanja lamanja chikamatha mphamvu chimakhotera kumanzere nthawi zonse, ndiye fade ija. Sikuti mwalodzedwa. Ingolozani pang'ono kumanja kwa basiketi chidzabwerera chokha. Mukapendeketsa mbali yakunja ya chimbale pansi chimakhota kwambiri kumanzere, amati hyzer, mukaidzutsa chimayamba chapita kumanja, amati anhyzer. Tsiku loyamba hyzer yokha ikukwanirani pozemba mtengo, zinazo mudzaphunzira.

Mwafika poyambira. Pamakhala kasilabu ka simenti, kapena kamphasa ka labala, kwina ndi thabwa chabe lokwiriridwa pansi. Werengani chikwangwani, onani kuti basiketi yanu ndi iti chifukwa pa mabwalo aang'ono mabasiketi amayandikana, ife tinalowetsapo mu nambala 7 tikusewera 3 nkumaombera m'manja. Ngati simukuiona yendani mukaione kaye, sikutali. Poponya phazi lisadutse mzere wakutsogolo chimbale chisanachoke m'manja.

Ndiye ichi ndi chofunika kuposa zonse pa kampu, yang'anani anthu. Bwalo la kukampu si la inu nokha, pali ana pa njinga, agogo ndi agalu awo, wina akuchokera kubafa ndi thaulo pa phewa sakudziwa nkomwe kuti akudutsa pa bwalo. Chimbalechi ndi cholimba, si chofewa chija ana amaponyerana kunyanja, chikamenya munthu kumaso ndi nkhani ya chipatala, ndipo mabilu a chipatala kuno mukuwadziwa. Pakakhala munthu kutsogolo dikirani, olo akhale kumbali komwe simukuloza, chifukwa inu ongoyamba komwe mukuloza ndi komwe chikupita ndi nkhani ziwiri. Chikapulumuka nkumalowera kwa anthu kuwani mokweza kuti "Fore!", ndi mawu omwe aliyense kuno amawadziwa kuti bisa mutu. Anzanu onse aime kumbuyo kwa woponya.

Pa basiketi ya mafiti 200 musalimbane ndi kufika kamodzi. Ponyani ndi theka la mphamvu zanu chigwere poyera pakati, mamita 30 kapena 35, kachiwiri chifike pansi pa basiketi, kachitatu mulowetse, imeneyo ndi par ndipo mwaposa ambiri. Wofuna kuonetsa mphamvu amakhala ali mu zitsamba akuponya kachisanu inu mutalemba kale. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Onse mukaponya, amene chimbale chake chili kutali kwambiri ndi basiketi ndiye amayamba, ena mudikire kumbuyo kwake. Poponyanso phazi limodzi likhale kumbuyo kwenikweni kwa pomwe chimbale chagona, malamulo a PDGA, bungwe la masewerawa lomwe Headrick yemwe uja anayambitsa mu 1976, amati mkati mwa masentimita 30. Ngati muli ndi chimbale chimodzi chokha ikani kachizindikiro kutsogolo kwake musanatole, amagulitsa kachimbale kakang'ono kotchedwa mini koma pa masewera a pachibale kamtengo kapena chitsekerero cha botolo chimagwira ntchito. Chikagwera kuseri kwa chitsamba musathyole nthambi kuti mupeze njira, ndi zoletsedwa ndipo a kampu sasangalala nazo. Tambasulani mwendo umodzi kumbali, winawo ukhale pa malo ake, muponye pang'ono kutulukira poyera. Kutaya kuponya kumodzi kuli bwino kusiyana ndi kumenya mtengo womwewo katatu, ine mtengo wina wa pa nambala 5 timadziwana bwino.

Mukayandikira basiketi kaponyedwe kamasintha. Yang'anani basiketi maso ndi maso, mwendo wamanja kutsogolo, chimbale pamimba, mawondo opinda pang'ono. Sankhani kamphete kamodzi ka tcheni chapakati nkukayang'anitsitsa, osati basiketi yonse. Kenako kankhani chimbale kuchoka pamimba kupita komweko, dzanja limalizire litatambasuka ngati mukupereka moni. Amene munasewerako netball mumagwira msanga apa, mlongo wanga tsiku loyamba lomwelo amalowetsa za mamita 5 ife amuna tikungomenya chitsulo cha pansi. Musachite mantha ndi matcheni, ntchito yake ndi kugwira chimbale ndiye chiponyeni ndi kamphamvu ndithu, ndipo kaphokoso kaja ka tchiii chikalowa ndi komwe kamapangitsa anthu kugula zimbale 20.

Malamulo a apa ndi ochepa. Mukakhala mkati mwa mamita 10 kuchokera pa basiketi simuloledwa kugwera kutsogolo kudutsa chizindikiro chanu mutaponya, muyambe mwaima bwinobwino kenako muyende. Chimbale chiyenera kukhala mu basiketi kapena kukodwa m'matcheni, chikakhala pamwamba pa denga sichinalowe, chikamenya matcheni nkutulukanso sichinalowe, olo mukangane bwanji. Ndipo mukalowetsa chotsani chanu mnzanu asanaponye.

Langizo langa, mukakhala patali kuposa mamita 7 kapena 8 musalimbane ndi kulowetsa, ingochigonekani pansi pa basiketi. Mukaphonya ndi mphamvu chimapitirira kutali, pena chimaima chilili nkugubuduka ngati tayala kutsetsereka mpaka kumtsinje inu mukungochiyang'ana. Mphepo nayonso, ikamachokera kutsogolo imachinyamula m'mwamba ndiye lozani motsika, ikamachokera kumbuyo imachikanikizira pansi ndiye lozani mokwera pang'ono.

Za OB, kutanthauza kunja kwa bwalo. Malo ena ndi kunja kwa bwalo, kawirikawiri msewu, madzi, ndi malo ogona anthu, chikwangwani chimanena. Chikagwera kumeneko mumadziwonjezera kuponya kumodzi ngati chilango nkuponyera pomwe chinatulukira, mpaka mita imodzi kulowa mkati. Chikalowa pa malo a munthu musangolowa ngati kwanu, odini kaye ngati mmene timachitira kumudzi, muwapepese, mutole, mutuluke, osaponyera pakati pa matenti awo. Ngati palibe munthu tolani msanga osakhudza kanthu. Chikalowa pansi pa galimoto kapena kalavani ya eni ake dikirani abwere. Cha m'dziwe chisiyeni ngati simukuona pansi, chimbale ndi cha madola ochepa.

Chikasowa lamulo limapereka mphindi 3 zofufuza, onse muthandizane. Njira yosatayira ndi yoti aliyense aziyang'ana chimbale cha mnzake mpaka chigwe nkusunga chizindikiro, kuti chadutsa kumanzere kwa mtengo wouma uja. Ndipo muziyang'ananso m'mwamba, kangapo konse tafufuza pansi mpaka kutopa chili phee pa nthambi. Anthu ena akakupezani kumbuyo ali achangu apatseni mpata adutse, mungoti pitirirani, palibe amakwiya.

Zigoli lembani mukafika poyambira potsatira, osati mutaunjikana pa basiketi. Kulowetsa kawiri pa par 3 ndi birdie, kanayi ndi bogey, kamodzi ndi ace ndipo mukachita imeneyo anzanu amasayina pa chimbale. Amene wachita bwino pa basiketi yapitayo ndiye amayamba kuponya pa yotsatira. Tsiku loyamba musadabwe kupeza 38 kapena 40 pa bwalo la 27, palibe vuto. Ndi ana ife timachita chonchi, tonse timaponya kenako tonse timakaponyera pomwe pagwera chimbale chabwino kwambiri, masewera amafulumira ndipo palibe amalira. Mukhozanso kugwirizana kuti munthu akafika 6 atole chimbale tipite kwina.

Nthawi yabwino ndi mmawa dzuwa lisanakwere kapena chakumadzulo anthu akamayatsa moto, koma kumbukirani kuti makampu ambiri ali ndi maola achete, kawirikawiri kuyambira 10 koloko usiku mpaka mmawa, ndipo matcheni aja amasokosa kuposa mmene mukuganizira, kuphatikiza kuseka kwathu a Malawi komwe kumamveka tsidya la nyanja. Sipika isiyeni ku tenti.

Mukamaliza nambala 9 ngati miyendo ikulola bwerezani pompo, ulendo wachiwiri zigoli zimatsika ndithu chifukwa mitengo mwaidziwa. Werengani zimbale musanachoke, ambiri timaiwala putter mu basiketi yomaliza. Zobwereka bwezani ku ofesi asanatseke. Kenako musanakhale pansi kudya kasambeni ndipo dzifufuzeni nkhupakupa, kuseri kwa mawondo, m'chiuno, m'khwapa, ana muwayang'ane m'mutu ndi kuseri kwa makutu. Za kuno zina ndi zazing'ono ngati njere ya chitowe ndipo zimafalitsa matenda a Lyme, mukapeza yoluma ikokeni mowongoka ndi katwiza mutagwira pafupi ndi khungu, osaiwotcha ndi machesi ngati za agalu kumudzi.